Bondo Langa ndi Ingoma ya ku Champhira

Mzimba Boma,
9 Seputembala.

Okondedwa achemwali anga a Scholastica,

Ndayamba ndi kukupatsani moni. Muli bwanji kumeneko ku Blantyre? Nanga alamu, mutu uja unawasiya? Kuno Esme ndi ana ali bwino, fumbi lokha ndilo latipatsa chifuwa. Za ine werengani m'munsimu, koma muyambe mwakhala pansi.

Mukudabwa kuti munthu amene mumalankhula naye pa foni Lamulungu lililonse walemberanji kalata. N'chifukwa choti pa foni ndimakunamizani. Masabata atatu tsopano mukandifunsa za bondo ndimati lili bwino, koma ndimayankha mwendo uli pa pilo, utatupa ngati dzungu.

Mukukumbuka Januwale uja. Dokotala anatenga mtsempha wa kuseri kwa ntchafu yanga n'kuwusokerera m'bondo m'malo mwa woduka uja. Inu munatenga tchuthi ku ntchito yanu ya unamwino, n'kumandisambitsa ine bambo wa ana awiri, wa zaka 36, ngati khanda. Tsiku lotuluka m'chipatala dokotala anati miyezi isanu ndi inayi ndisadumphe, ndisapotokole mwendo, ndisaponde mwamphamvu. Anatinso mtsempha umenewu ukaduka, opaleshoni yachiwiri ikhoza kundiyendetsa, koma za mpikisano ndidzaiwale. Inu munandigwira khutu pamaso pake n'kunena kuti kuthamanga si kufika.

Achemwali, musaganize kuti ndinataya mawu anu nditangokwera basi. Ndinamvera, Mulungu ndi mboni. Mafizo onse amene mayi Pamela a ku chipatala cha kuno ankandipatsa ndinkachita, ngakhale aja opinda mwendo mpaka misozi. Njinga ndinayambira pa balaza, teyala la kumbuyo nditalikweza pa njerwa, ana akuseka kuti adadi akupita ulendo wosafika.

Mu Meyi ndinayamba kusambira m'damu lina lomwetsera ng'ombe. Kuzizira kwa ku Mzimba simukukudziwa inu. Popeza kukankha madzi ndi miyendo anandiletsa, ndinkapana kachigubu kopanda kanthu pakati pa ntchafu n'kumakoka ndi manja okha. Eni ng'ombe ankangoima n'kumayang'ana, ndipo mmodzi anakauza anthu ku msika kuti mphunzitsi wa masamu uja mutu wayamba kusokonekera. Mu Julaye ndinaloledwa kuthamanga pang'ono pa bwalo la sukulu, mphindi imodzi kuthamanga, ziwiri kuyenda. Tsiku limene ndinazungulira bwalo kasanu osaima ndinalira, ndinalira ndithu.

Ndinalembetsa dzina pa mpikisano wa mu Novembala uja, wa kusambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga. Mayi Pamela anati ndikapitiriza chonchi ndikhoza kukamaliza, bola ndisakapikisane ndi anyamata. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Pa 17 Ogasiti kunali ukwati wa Chikomeni, mlongo wake wa Esme, kwawo ku Champhira. Esme ndi ana anakwera minibasi. Ine, mwa nzeru zanga za uphunzitsi, ndinaona kuti mtunda wonsewo ungangopita pachabe, ndiye ndinapita pa njinga. Ndinafika dzuwa lili pamutu, nditavala kakabudula kothina kaja mumadana nako, mudzi wonse ukuona. Anthu atandizungulira n'kumafunsa ngati ndachokeradi ku Boma, sindinangovomera ayi. Ndinawonjezera kuti bondo lachira, lapambana ndi lakale lomwe. Pakamwa panga ndi pamene panandipereka.

Mukudziwa mmene ndakhalira ndi apongozi anga a Zondwayo zaka zisanu ndi zitatu izi. Sanandinyozepo, koma sanandiwerengerepo. Akamandionetsa kwa alendo amati uyu ndi mkweni wathu Mchewa, amene amathamanga popanda womuthamangitsa. Amuna akamakamba za ng'ombe ndi za milandu, ine amandipatsa mpando pafupi ndi khomo. Ingoma ikamavinidwa ndimakhala ndi oonerera.

Masana amenewo amuna analowa m'bwalo ndi zishango ndi ndodo zawo. Ingoma simunaionepo, achemwali. Ilibe ng'oma. Ng'oma yake ndi nthaka, ndipo choimbira ndi phazi la mwamuna. Amakweza mwendo mpaka m'chiuno n'kuwumenyetsa pansi onse pamodzi, mpaka mtima umagunda m'khosi.

Nyimbo yachiwiri itatha, a Zondwayo, nkhalamba ya zaka zoposa 70, anatuluka pa mzere n'kubwera pamene ndinakhala. Anandiyang'ana m'maso, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kunena kuti ngati mwendo wabwera ndi njinga kuchokera ku Boma, mbwenu wachira. Kenaka anandipatsa chishango ndi ndodo yawo yomwe, ndi manja awiri, anthu onse akuona. Kumeneko mkamwini sabweza chimene apongozi amupatsa ndi manja awo. Esme anali kumbuyo kwa amayi oomba m'manja. Ndinaona milomo yake ikunena kuti ndapota, lekani. Ndinamuona bwinobwino, ndipo ndinaimirira.

Poyamba ndinachenjera. Ndinkaponda ndi wakumanzere, wodwalawo n'kumangowukhwekhwereza. Koma pa ingoma mzere wonse umasinthira limodzi, ndipo wobera amaonekera patali. Chikomeni anakuwa akuseka kuti alamu akuvina ngati akuopa kupha nyerere. Anthu anaseka. Ndinakweza mwendo wakumanja, womwe uja munkawupukuta ndi madzi ofunda, n'kuwumenyetsa pansi. Kamodzi, kawiri. Nthungululu zinalira. Kachitatu phazi linatera pa kadzenje ndikutembenuka, ndipo m'kati mwa bondo ndinamva kuti thyo, ngati phesi louma.

Sindinagwe. Ndinatsamira ndodo mpaka nyimbo inatha. A Zondwayo anandigwira phewa n'kunena kuti yewo chomene, mwana wane. Anati mwana wanga, achemwali, osati mkweni.

Pobwerera njinga inakwera nane pikapu. Anthu ndinawauza kuti ndatopa chabe. Titafika ku Boma, Esme anandilankhula akulira.

Ndinadzinamiza masabata awiri kuti kwangotupa. Ndinaika madzi oundana, ndinamanga bandeji, ndinapemphera. Lachitatu lapitali ndikutsika masitepe awiri a kalasi, bondo linangothawa pansi panga, ndinagwa pamaso pa Fomu 3 yonse, choko mbwee. Palibe mwana anaseka, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kugwako.

Mawa lake ndinapita kwa mayi Pamela. Anandigoneka, anagwira msongolo n'kuwukoka, ndipo unangobwera kutsogolo wopanda chowugwira, monga unkachitira ndisanapangidwe opaleshoni. Mayi aja ndi olongolola, koma tsiku limenelo anangoti ndibwerere kwa dokotala wanga ku Blantyre msanga. Atafunsa chimene chinachitika ndinawauza zonse.

Achemwali, ndataya mtima. Ndikudziwa kuti Novembala wapita, ndipo ndikuopa kuti apita onse. Ndimadzukabe 4 koloko m'mawa, thupi silinamve uthenga, n'kumangokhala pa bedi kumvetsera a kabaza akudutsa pa msewu. Njinga ili pa balaza ndi fumbi la ku Champhira, ndikulephera kuipukuta. Anthu anganene kuti ndi masewera chabe, munthu ali ndi ntchito ndi banja. Koma inu amene munandiphunzitsa kusambira mu mtsinje wa Linthipe, mutandigwira pamimba, mukudziwa kuti m'moyo wanga wonse chinthu chimene ndinkachita bwino n'chimenechi. Miyezi isanu ndi iwiri ya misozi yanga, ndi tchuthi chanu chonse, ndazipondereza m'fumbi pa nyimbo imodzi.

Chimene chikundichititsa manyazi kwambiri ndi ichi. Pamene nkhalamba ija inati mwana wane, bondo likuyaka moto, ndinasangalala. Ndayesa kudzifunsa kuti atandipatsanso chishangocho lero ndingakane kodi, ndipo yankho loona sindikulipeza. Ndiye musavutike kundifunira wolakwa. Si a Zondwayo, si Chikomeni.

Pempho langa ndi ili. Ndiloleni ndibwere Loweruka likubwerali, ndipo Lolemba mundiperekeze kwa dokotala uja. Ndekha sindingathe kulowa m'chipinda chija. Akakanena mawu amene ndikuwaopa, ndikufuna pakhale munthu wondigwira dzanja, ngakhale akhale yemwe wandikwiyira. Kalipani mmene mungathere, ndikhala chete. Amayi ku Salima musawauze kaye, mtima wawo mukuwudziwa.

A Zondwayo mpaka lero sakudziwa kanthu, ndipo ndamuletsa Esme kuwauza. Dzana Chikomeni anabwera ku Boma atanyamula ndodo ija. Akuti adada anena kuti ndi yanga tsopano, ndipo chaka chamawa ndidzavine pa mzere wa kutsogolo, pafupi ndi iwo. Ndinailandira ndi manja awiri nditakhala pansi, mwendo nditawubisa kunsi kwa tebulo.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Dalitso ndi kwa Akuzike. Esme akuti moni wambiri, ndipo akuti anayesetsa. Mulungu akusungeni ndi kukubwezerani zonse zimene munandichitira, pakuti ine ndalephera kuzisunga.

Basi imafika cha m'ma 4 koloko madzulo. Mukadzabwera ku depoti musadzavutike kuyang'ana njinga pa denga monga kale. Ndodo zachitsulo zija ndinabweza ku chipatala mu Epulo, ndikunyada. Mudzayang'ane munthu amene adzatsike pomalizira, akuyendera ndodo ya ingoma.

Ndine mlongo wanu wosamva,
Yona