Ababa Pachiwongolero

Achimwene,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno tili bwino, mwendo wa amayi unasiya kutupa.

Ndamaliza kagalimoto kamalata kofanana ndi lole imene malemu ababa ankanyamulira mpunga ku Dwambazi. Dalaivala wake ndinamusema ndi mlombwa, n'kumuveka kofiya yoyera. Ndisanapite nako ku mpikisano wa ntchito zamanja ku Benga, ndinakaonetsa amayi. Anakayang'anitsitsa, kenako anati, "Atate ako sankagwira chiwongolero ndi manja awiri. Mkono wina unkakhala pawindo."

Ndinasemanso mkonowo, ndipo tsopano aliyense amene ankawadziwa ababa akuwazindikira. Koma amayi atengera kagalimotoko kuchipinda kwawo, akuti sikapita kulikonse.

Munditumizire penti wobiriwira ndipange kena. Ku Benga ndikapambana ndithu. Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Yusufu