Dzino la Tadala

Lachinayi, Juni 1983, ku Lupembe

Lero tsiku landilemera. Mwana wanga Tadala, wa Sitandade 3, amuzula dzino kuchipatala.

Atamaliza, adokotala anapala mano otsalawo ndi kachitsulo, n'kundionetsa zoterera zachikasu. Anati, "Aphunzitsi, izi si zotsalira za chakudya chabe ayi. Ndi tizilombo tambirimbiri tomatirira pa dzino. Tizilomboti tikadya shuga timatulutsa asidi, ndipo asidiyo ndiye amaboola dzino."

Ndinangoti zyoli. Ine amene Lolemba lililonse ndimaimika ana a eni pamzere, kuwayasamitsa, ndi kukwapula amene sanatsuke mano ndi mswachi, m'kamwa mwa wangayu sindinasuzumiremo. Chichokereni ku Dedza, akamalirira bambo ake amene anatsala komweko, ndimamutonthoza ndi supuni ya shuga. Sabata yatha atadandaula za dzino, ndinamukalipira kuti akungofuna kujomba kusukulu.

Pobwerera sanandidandaule n'komwe. Thonje lili m'kamwa, anangofunsa kuti, "Amayi, limeranso?"

Ndinati eya. Chonsecho adokotala anali atandiuza kale kuti limenelo linali lachikulu, silimeranso. Ndimuuza mawa, kapena mkuja, koma poyambira pake...