Thupi la achemwali Teleza

Lolemba, 8 Julaye 2024

Chiperoni kuyambira m'mawa. Mabulugamu a ku esiteti sakuoneka n'komwe, ngati nawonso awagulitsa.

A Amosi, kapitawo uja, amwalira. Anagwa Loweruka pakati pa tiyi akukalipira odulira, pakamwa n'kupotoka, osadzukanso. Masana abale abwera kudzandipempha zanthawi zonse: ndikawerenge mbiri pamaliro. Phindu la koleji yauphunzitsi ndi limeneli. Mudzi wonse unagwirizana kuti ine ndiye ndimatha kunena zoti munthu wafa popanda kutchula imfa.

Ndafunsa nthenda yoti nditchule. Mphwawo wati, "Aphunzitsi, ingonenani kuti imfa yadzidzidzi. Munthu wathupi lake uja angagwe yekha ngati nthochi? Pali dzanja la munthu apa."

Lachiwiri, 9 Julaye

Taika. Ndanena "yadzidzidzi" monga anandituma, anthu agwedeza mitu.

Podikira adzukulu ndinayendayenda m'manda. Ntchito ya mbiriyi ndinaiyamba cha m'ma 1999, ndipo nthawi imeneyo mawu anali amodzi okha: atadwala nthawi yaitali. Aliyense ankamva, palibe ankafunsa. Anthu a msinkhu wanga, anzanga osewera nawo mpira wachikulunga. Jekete langa lakuda silinkapuma pa msomali. Mzere wawo ndi uwo pakati pa manda, mitanda yothinana ngati tiyi wa ku nazale. Kumunsi, kumene timaika ana, nakonso kunkakumbidwa pafupipafupi. Lero udzu wamerako, timanda tatsopano n'tapatalipatali.

Masiku ano ndimawerenga zina. Anangogwa. Anali ndi shuga. Khansa. Anyamata a kabaza pa msewu wa ku Makwasa. Malungo ndi TB sanasamuke, koma alandira anzawo. Imfa siinapume pantchito, yangosintha yunifolomu.

Chandivutitsa si a Amosi. Ndi achemwali anga Teleza. Pokwera kachitunda ka kumanda anaima kangapo, dzanja pakhosi kumbuyoku, akupuma ngati athamanga.

Lachinayi, 11 Julaye

Ndapita kwawo. Ndawapeza akukazinga mandasi okagulitsa pa geti ya fakitale. Pawindo kapaketi ka timapilisi, kosatsegula, fumbi mbuu.

Si ma ARV. Amenewo samaphonya chiyambire 2005, amawamwa ngati pemphero. Awa akuti anawapatsa mwezi watha atawayeza BP. Yakwera zedi. Anawauzanso kuchepetsa mchere, mafuta, shuga mu tiyi, ndi thupi lomwe.

"Nanga osamwa bwanji?"

"Amaphwetsa. Ellen mnzanga anamwa, akungokodza, thupi lonse lathera m'chimbudzi."

Ndinaseka. Iwo sanaseke.

"Achimwene, mwaiwala kodi? Ndinali mafupa okhaokha ine. Pa mjigo ndikachoka ankatsuka chogwirira. Thupi ili sindinatole panjira. Ndiphwe lero, mawa mandasi anga agula ndani? Adzati, aja ayambiranso."

Sindinaiwale. Ndinkawanyamula ndi dzanja limodzi kuwakweza pa njinga, mopepuka ngati dengu lopanda tiyi. Atayamba kubwerera m'thupi, ndinali ine woyamba kuwaseka mokondwa kuti chitseko tikulitse.

Ndinayesa za a Amosi. Akuti, "Inu nomwe munati yadzidzidzi. Kapena munanama pamaso pa abusa?"

Ndadya mandasi awiri n'kubwerako.

Lachisanu, 12 Julaye

Achemwali mutu ukuwawawa. Akuti ndi chiperoni.

Lamulungu, 14 Julaye

Potuluka m'tchalitchi, amayi ena kwa achemwali: "Koma mayi Teleza Mulungu anakukondani, taonani thupi!" Iwo kumwetulira, kukonza chitenje kuti aoneke bwino.

Ndaganiza njira yonse. Tinaphunzira kuwerenga imfa pa thupi la munthu: masaya akalowa, kolala ya malaya ikayamba kulendewera, tinkadziwa. Phunziro limenelo tinalilipirira ndi abale athu, ndiye tinaligwira zolimba. Tsopano mayeso asintha, ife tikuyankhabe za silabasi yakale. Iyi yabwerayi imalowa mwa munthu wosalala, wowala pamphumi, amene tonse tikumuyamikira.

Kalasi la ana makumi angapo ndimalikhazika chete ndi diso lokha. Mayi mmodzi wandikanika.

Lachitatu, 17 Julaye

Ndalemba mochedwa.

M'mawa ndili m'kalasi, mayi woyandikana nawo nyumba anaimba foni. Achemwali agwetsa chipande m'mafuta, dzanja lamanja lafa, akuyankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Ndinasiya choko pomwepo. Tinawakhazika pa kabaza, ine kumbuyo kuwagwira. Manja anga sanakumane pamimba pawo, ndipo ndi zimene ndinkaganiza njira yonse, zopusa zimenezo.

Pofika kuchipatala ku Makwasa mawu anali atayamba kubwerera. Oyamba omveka bwino: "Mwazimitsa moto?"

Namwino wake ndi Eunice, mwana amene ndinamuphunzitsa Sitandade 7, wosamva masamu. Lero ndiye amandifotokozera manambala pang'onopang'ono ngati ndine wobwereza kalasi. Kachilombo kagona tulo, akutero, palibe vuto kumeneko. Koma anthu a ma ARV aja akukalamba tsopano, ndipo ambiri akuwaona pa mzere wa BP ndi shuga.

"Ili linali belu loyamba, aphunzitsi. Lachiwiri silidikira kuti munthu amange nsapato."

Awagoneka.

Lachinayi, 18 Julaye

Dzanja likugwira kapu. Ndiwo zakuchipatala akuti n'zosalemekeza munthu.

Eunice wandigwira nanenso n'kundikulunga choyezera BP pamkono. Yanga akuti ili pakhomo, sinalowe. Achemwali aseka mpaka kutsokomola.

Loweruka, 20 Julaye

Atuluka dzulo. Lero m'mawa ameza kapilisi ine ndikuona, maso ali pa ine ngati ndine ndinakapanga.

Kenako akuti ndikhale pansi.

"Ndimwa. Mchere ndichepetsa. Koma mawa kutchalitchi pa zolengeza mukaimirire, muwauze anthu. Akadzandiona ndikuphwa asayambe kunong'ona. Za kachilombo sindinabisepo, aliyense amadziwa. Chimene sindikufuna ndi maso aja."

Ndinati ine sindinawerengepo mbiri ya munthu wamoyo.

"Ndiye muzolowere."

Madzulo onse ndakhala ndikusanja mawu. Chilichonse chikutuluka ndi "anabadwa m'chaka cha". Ndayesa kuyamba ndi vesi, likumvekabe ngati bokosi lili kutsogolo.

Lamulungu, 21 Julaye

Mlembi atamaliza za msonkhano wa amayi ndi denga lodontha, anati a Crispin ali ndi mawu. Ndinaimirira. Tchalitchi chonse chinazizira nthawi yomweyo, ena kuyamba kuyang'anayang'ana kuti wasowa ndani. Sindinkadziwa kuti ndikaimirira anthu amatero.

Ndinangofika pa "Abale ndi alongo".

"Khalani pansi, achimwene. Mawu anu ndi a kumanda."

Achemwali, mbali ya amayi, ataimirira kale, dzanja lija litagwira benchi yakutsogolo. Ndinakhala.

"Ndiyang'anitsitseni lero, mukhute," anatero, n'kutembenuka pang'onopang'ono kuti akumbuyo nawo aone. "Chaka chamawa chitenje ichi chizidzandizungulira kawiri. Si nthenda ija ayi, imeneyo ndinaigoneka. Ndi BP. Lachitatu inandigwira dzanja, ndiye ndikuphwa dala. Mandasi muzigulabe, koma limodzi limodzi."

Anthu anaseka, kuseka kwa munthu amene watula katundu. Abusa anatsegula pakamwa kuti atseke ndi pemphero.

Asanayambe, mawu kumbuyo kwenikweni. Mkazi wa malemu a Amosi, adakali mu zakuda.

"Amayeza tsiku lanji?"