Paipi ya Palmira

Lolemba, 12 Agosto 1985

Lero Palmira amutsukanso. Sabata yachitatu chichokereni adokotala aja pa ndege yomaliza. Mng'ono wanga impso zinaleka ntchito, ndipo chikumusunga ndi kachipinda ka kuseri kwa chipatala. Makina kulibe. Kapaipi kamene adokotala anamusiyira pamimba, botolo la madzi a mankhwala pamsomali, ndowa pansi. Madzi alowe, akhalitse, atuluke ndi zoipa za m'thupi. Lolemba ndi Lachinayi, tsiku lonse.

Wodziwa ntchitoyi m'Milange monse muno ndi mmodzi yekha: a Faustino, enfermeiro, namwino wa pachipatalapa. Afika dzuwa litakwera, maso ali psuu. M'manja asamba nditachita kutsokomola kawiri.

Lachinayi, 15 Agosto

Paipi yaitali yolumikiza botolo ndi mimba ilipo imodzi. Odwala atatu. Adokotala anati iziwira theka la ola asanaigwiritse kwa wina. Nkhuni timabweretsa ife odwazika. Zanga ndakatola kunsi kwa phiri, kumene anthu akuopa kuponda chifukwa cha mabomba okwirira. Mutu wonse ukuwawa ndi mtolo.

Ndiye ndayang'ana wotchi. Mphindi zisanu ndi zinayi, a Faustino avuula paipi! Ndafunsa mwaulemu ndithu. Akuti, "Aphunzitsi, kuno si kusukulu. Ovulala khumi ndi awiri akundidikira uko." Ine Constância, zaka khumi ndikuphunzitsa ana masamu, wotchi indikanike? Palmira wandikoka kapulana, chitenje changachi, kuti ndikhale chete. Ndameza, koma sizinatsike.

Loweruka, 17 Agosto

Mfuti mbali ya ku Majaua, masana ano. Anthu akungotsetsereka kulowera kumalire ku Muloza, mitolo pamutu, mbuzi patsogolo. Ife tiwoloka bwanji? Tsidyalo ndani angamutsuke?

Madzi amene anatuluka mwa Palmira dzana anali mbuu ngati otsukira mpunga. Kale ankatuluka oyera. Lero thupi moto, mimba sakulola ndiikhudze. Ndawapeza a Faustino pakhonde la ovulala, malaya ali magazi okhaokha. Akuti tiona Lolemba. Tiona chiyani? Kachasu ndinamumva ndili patali.

Lolemba, 19 Agosto

Mayi wa ku Mongue, wa bedi loyamba, wamwalira m'mawa uno. Nayenso madzi ake anayamba mbuu. Paipi yomweyo.

Kusukulu sindinapite. Palmira atangomutsuka ndalunjika kwa a Cipriano, mlembi wa dera lathu. Ndanena zonse. Mphindi zisanu ndi zinayi. M'manja mosasamba. Kachasu. Mwaukali ndawonjezera kuti munthu ameneyu akutipha dala. A Cipriano anasiya kulemba, nkundiyang'ana. "Bwerezani." Ndabwereza.

Pobwerera ndimadzimva wopepuka. Ndadya bwino koyamba sabata ino.

Lachitatu, 21 Agosto

Abwera asilikali awiri. Awatenga a Faustino ali mkati momanga bala la munthu.

A Bernardina, amene amakolopa m'chipatala, andinong'oneza kuti nkhani yakula. Akuti a Faustino akuwaganizira kuti amatumidwa ndi zigawenga zija za kutchire. Mayo ine! Zimenezo sindinanene. Ine ndimafuna awakalipire, aope, aziwiritsa paipi theka la ola. Basi!

A Faustino adutsa pafupi nane, osandiyang'ana. Angotembenukira kwa a Bernardina: "Wa bedi lachiwiri asaphonye mawa."

Bedi lachiwiri ndi Palmira.

Lachinayi, 22 Agosto

Tsiku lotsuka. Chipinda chokhoma. Mkulu wa bedi lachitatu abale ake amukweza panjinga, apita naye kwawo.

Ndabwereranso kwa a Cipriano. Ndinagwada, ine amene sindigwadira munthu. Akuti, "Mwabwera kudzasintha mawu? Mukatero wabodza ndinu, tilembe inuyo." Enfermeiro wina akuti adzabwera ndi magalimoto operekezedwa ndi asilikali ochokera ku Mocuba. Magalimoto amenewo tinawaona komaliza mwezi wa Junho.

Loweruka, 24 Agosto

Miyendo ya Palmira yatupa mpaka m'mawondo. Ukadina chala, dzenje limatsala. Kugona chagada sangathe, ndamutsamiritsa kukhoma. Madzi akumwa ndikumupatsa a pasupuni, akundiyang'ana ngati ndine mfiti.

Sakudziwa zimene ndinachita ine mkulu wake. "Mana, a Faustino adwala?" Ndati eya.

Pachitsime ndakumana ndi akazi awo a Faustino. Ndimati anditukwana, mwinanso kundimenya ndi chidebe. Bola akanatero. Andipatsa moni, nkufunsa kuti wodwala wadzuka bwanji.

Komatu sindinaname. Mphindi zinali zisanu ndi zinayi. Mayi wa ku Mongue anafadi. Ndikabwereza zimenezi mumtima zimakhala zoona ndithu, koma miyendo ya mng'ono wanga siikuphwa nazo. Ndikudzida. A Faustinonso ndikuwada. Ndipo ndikanawaona akulowa pakhomopo, ataledzera chomwecho, ndikanawagwira miyendo.

Lamulungu, 25 Agosto

A Bernardina abwera ndi kiyi wa kachipinda kaja, kutchalitchi osapita. Andiikira m'manja. "Masabata atatu mwakhala mukuwalondera a Faustino. Palibe wina anawayang'anitsitsa ngati inu. Tengani."

Ndakana. Andiuza kuti ndimve mmene Palmira akupumira. Ndamva.

Tamunyamula awiri mpaka kukachipindako. Paipi ndawiritsa mphindi makumi anayi. M'manja ndasamba mpaka khungu kuwawa. Botolo ndafunditsa m'madzi otentha monga ankachitira, ndalikoleka pamsomali. Zonsezi ndikuzidziwa, mutu wanga unasunga.

Chatsala ndi mankhwala a m'kabotolo kakang'ono amene ankathira m'botolo lalikulu ndi jakisoni. Mizere iwiri kapena itatu ya pajakisoni? Pepala palibe, zinali m'mutu mwawo. A Bernardina akuti anamva adokotala akunena kuti mankhwalawo akachepa madzi satuluka, akachuluka munthu amakomoka. Mulingo wake iwo sakuudziwa, ankakhala akukolopa.

Ine ndinalipo nthawi zonse. Ndinkayang'ana zala zawo ngati zili zakuda, maso awo ngati ali ofiira. Pajakisoni sindinayang'anepo ngakhale kamodzi.

Ndakhala pansi kuti ndilembe, mwina dzanja likumbuka zimene mutu waiwala. Palibe. Madzi m'botolo akuzizira. Palmira wadzitukula yekha kapulana pamimba, akuti, "Mana, yambani. Mpweya ukundithawa."

Ndakoka mizere iwiri.