Dzina la Atate pa Maliro a Lolo

Railways,
Kabwe.
9 Okutobala 2024

Okondedwa Amai,

Ndikupatsani moni nonse kumeneko ku Katete. Mwadzuka bwanji Amai? Bondo lija linaleka kutupa? Nanga ambuya aNora akudya bwino masiku ano? Ine kuno thupi lili bwino. Chovuta ndi kutentha, ndi magetsi amene akumazima kuyambira m'mawa mpaka madzulo, moti nyama yonse yotsala pa maliro tinachita kugawira anthu isanaonongeke.

Musadabwe kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Mukandiimbira mumakweza mawu kuti ambuya amve nawo, ndipo zimene ndikufuna kunena sindikufuna ziwagwere mwadzidzidzi. Kalatayi ndapatsira mai wina wa m'kwaya amene akupita ku Chipata. Muyambe mwawerenga nokha. Pa foni ndinangokuuzani kuti a Lolo tinawaika bwino. Maliro anayendadi bwino, koma kwa ine sanayende bwino.

Ndiyambire kutali pang'ono. Inu mumangodziwa kuti atate anabadwa kwa Mfilipino wa ku njanji, basi. Pa zaka zimene ndawasamalira, a Lolo anandiuza zambiri, ndipo ndikufuna achimwene a Humphrey ndi ana awo azidziwe chifukwa ndi mbiri yathu. Lolo m'chilankhulo chawo ndiye kuti agogo aamuna. Dzina lawo lenileni linali Teodoro Sarmiento.

Kwawo ndi pa chilumba chotchedwa Negros, kumene minda ya nzimbe siioneka malire. Agogo awo anali wodula nzimbe m'munda wa munthu wolemera, ndipo anamwalira alibe ngakhale kadimba kawo. Atate awo, a Isko, anakana chikwanje, nakaphunzira kusonkha moto m'kasitima kotuta nzimbe. Pa nkhondo ya Ajapani banja linathawira kumapiri, ndipo a Lolo anabadwira komweko m'chisakasa. Asilikali akamadutsa, amai awo ankawatseka pakamwa ndi bere kuti asalire. Nkhani imeneyi ankaikonda kwambiri. Ankati n'chifukwa chake anakula osalankhulalankhula, ndipo ankandiseka kuti manyazi angawa ndisawafunefune kwina, ndinatengera kwa iwo.

Nkhondo itatha, a Lolo atasinkhuka, a Isko anagulitsa njati yawo yolimira kuti mwana akaphunzire za mainjini. Patapita zaka a Lolo anamva kuti ku Zambia akufuna anthu okonza sitima, ndipo anabwera ku Kabwe atasiya mkazi ndi khanda kwawo. Khandalo ndiwo a Minda, amene tsopano amakhala ku Canada. Nyumba anapatsidwa ino yomwe ndikulemberamo. Ambuya aNora anali mtsikana wochapa ndi kusita muno. Atate anga a Maurice, amene ambuya anaberekera a Lolo, atayamba kukwawa, mkazi wa a Lolo anafika kuchokera kwawo, ndipo ambuya anakwezedwa basi ya ku Katete ndi mwana kumsana ndi makina osokera aja ali m'nyumba mwanu. Pambuyo pake ndi pomwe kunabadwa a Jun.

Tsiku lina ndikuwameta ndevu, a Lolo anandifunsa kuti Maurice anali munthu wotani. Ndinawauza kuti ankakonza njinga ndi zigayo, kuti injini ankaimva kudwala kwake ali patali, ndiponso kuti ana a pamsika ankawaitana Mchaina mpaka imvi zinamera. Anayang'ana kuzenera nthawi yaitali sopo akuuma kumaso. Kenako anati basi ya ku Katete ija anayenera kuithamangira, koma anachita mantha ndi mkazi wawo ndi Afilipino anzawo a kutchalitchi.

Kuyambira tsiku limenelo anayamba kundiitana apo, kutanthauza mdzukulu. Anandiphunzitsanso mwambo wawo wotchedwa mano. Mwana akakumana ndi wamkulu wa m'banja, amatenga dzanja lake n'kuligunditsa pamphumi pake, ndipo wamkuluyo amamudalitsa. M'mawa uliwonse ndisanawapatse mankhwala ankatambasula dzanja, ndikaiwala ankati lero alibe mdzukulu, ali ndi nesi chabe.

Amai, mukukumbukira tsiku limene a Jun anabwera kwathu titangoika atate. Anakhala pamphasa, anadya ndi manja, nanena kuti mdala wawo wakana manja a alendo, akufuna magazi ake. Amalume atanena kuti chibale ndi fupa sichiola, a Jun anagwedeza mutu mpaka misozi. Inu munandilola kubwera kudzasamalira a Lolo chifukwa cha mawu amenewo. Ndipo mlungu wotsiriza, a Lolo akulephera kale kumeza, anawauza a Jun ine ndili pomwepo kuti powerenga mbiri yawo pa maliro adzatchule Maurice. A Jun anavomera. Titatuluka anandigwira paphewa nati, “Osadandaula Feli, iwe ndiwe wathu.” Ine ndinakhulupirira ndi mtima wonse.

Zinayamba kusintha tsiku limene a Minda anafika. Ana a a Jun, Christian ndi Lushomo, anaima pamzere pakhonde kuti achite mano kwa azakhali awo. Ine ndinapukuta manja pachitenje n'kuima kumbuyo kwawo. Ndinati mumtima awa ndi alongo awo a atate, ndi azakhali anganso. Itafika nthawi yanga ndinawerama n'kutambasula dzanja. Iwo anandikoleka chikwama chawo padzanjapo, nafunsa ngati m'chipinda mwawo mwakolopedwa. A Jun anali pomwepo, anayamba kuyang'ana foni.

Ndinadziuza kuti mwina a Minda sanauzidwe, munthu watopa ndi ulendo. Masiku onse a maliro ndinaphika, kuchapa ndi kupereka tiyi kwa obwera kudzapemphera korona. Sindinadandaule, pakuti ngakhale kwathu mdzukulu ndiye amagwira ntchito pa maliro.

Tsiku loika, a Jun anaima kutsogolo m'tchalitchi kuwerenga mbiri. Anayamba ndi minda ya nzimbe, anatchula a Isko ndi kasitima kawo, chisakasa cha kumapiri, ngakhale njati ija inalowa m'mbiri. Ine ndinali kumvetsera nditagwira mpando, ndikudikira. Atafika kumapeto anati malemu asiya ana awiri ndi zidzukulu zinayi, awiri kuno awiri ku Canada. Anapinda pepala n'kukhala pansi. Njati inatchulidwa, Amai, koma atate ayi.

Kumanda, mukudziwa mmene amachitira kuno ku tauni. Akatha kukwirira, wolengeza amaitana anthu m'magulu kuti akaike maluwa, kuyambira achibale apafupi. Anaitana ana, a Minda ndi a Jun anapita. Anaitana apongozi. Ataitana zidzukulu, mwendo wanga unasuntha wokha. A Jun ananditembenukira n'kupukusa mutu pang'ono chabe, moti wina aliyense sakanaona. Ndinabwerera. Anaitana Afilipino anzawo ochokera ku Lusaka ndi ku Kitwe, anzawo akale a ku njanji, a mpingo, oyandikana nawo nyumba. Pomalizira penipeni, anthu ayamba kale kupita ku magalimoto, anaitana antchito a pakhomo.

Tinalipo awiri, ine ndi Ba Bwembya amene amasamala maluwa ndi kapinga. Ndinafuna kukana. Ba Bwembya anandinong'oneza kuti, “Tiyeni mayo, mdala sakuwerenga mzere, akudziwa amene ankamusambitsa.” Ndinapita. Pamtumbira panali patadzaza kale, duwa langa ndinalibaya kumiyendo.

Alendo atabalalika, a Jun anandipeza kukhichini ndikutsuka mapoto. Anayamba ndi kuyamikira kuti mpunga unapsa bwino. Kenako anati ndiwamvetse, a Minda sakanapirira kumva zimenezi pagulu chifukwa zikananyozetsa malemu amai awo, ndipo nkhani zakale n'zovuta. Anati nyumba ino aigulitsa, koma ndisade nkhawa, ali ndi mnzawo ku Lusaka amene akufuna mtsikana wokhulupirika, ndipo adzamuuza kuti ndagwira ntchito bwino kwambiri.

Mukundidziwa Amai, pakamwa panga ndi polemera. Ndinangofunsa chinthu chimodzi, kuti kuyambira lero ndiziwaitana ndani. Anaseka nati ndiziti ankolo monga kale, vuto lili pati, ngakhale makondakitala a minibasi za ku Ngungu amawaitana ankolo. Anatenga madzi m'firiji n'kutuluka.

A Minda sindikuwasungira kanthu kwambiri. Iwo sanandilonjeze chilichonse, ndipo mwina amai awo analira zambiri m'nyumba muno zimene ife sitidziwa. Komanso si nkhani ya khungu, poti akazi a a Jun ndi Mtonga ndipo Lushomo ndi wakuda kuposa ine. Amene andipweteka ndi a Jun. Anadziwa njira ya ku Katete pamene mdala ankafuna womutembenuza pabedi ndi womuchapira zofunda. Pamenepo ndinali magazi. Sindikufuna nyumba, sindikufuna mpando kapena supuni ya muno. Ndinkangofuna kuti atate, amene anakula akufunsidwa kuti bambo wako ndani, atchulidwe kamodzi pamaso pa anthu.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera. Afilipino ali ndi mwambo wina. Amati mzimu wa munthu umakhala pafupi ndi nyumba mpaka tsiku la makumi anayi, ndipo pa tsikulo amachititsa Misa ndi kuphika chakudya kuti atsazikane nawo. A Minda akudikira tsiku limeneli asanabwerere. Likugwa Loweruka lomaliza la mwezi uno, ndipo onse amene anali pa maliro aitanidwanso.

Lamulungu lapitali nditatuluka m'tchalitchi ndinazungulira kawiri ndisanalimbe mtima, kenako ndinalowa kwa akatekisiti, a Zephaniah. Ndi munthu wa kwathu, makolo awo anachokera ku Chadiza kudzagwira ntchito ku njanji. Iwo ndiwo amawerenga maina a omwalira amene tikuwapempherera Misa isanayambe, ndipo mkhristu aliyense ali ndi ufulu wopereka dzina. Ndinapempha kuti pa tsikulo, akatchula a Lolo, atchulenso Maurice Sakala, mwana wa Teodoro Sarmiento.

Anavula magalasi n'kundiyang'ana, nafunsa ngati ndikudziwa kukula kwa moto umene ndikuyatsa. Ndinati ndikudziwa. Anati nkhaniyi si yachilendo kwa iwo, amai awo ankatunga madzi pampopi umodzi ndi ambuya aNora, ndipo nkhalamba zambiri za mu Railways zimaidziwa, pa maliro paja zinangoyang'anana. Koma anati sangawerenge chifukwa cha mkwiyo wanga wokha. Dzina la atate likamveka, anthu adzayamba kufunsa kuti amake anali ndani, ndipo amene adzatafunidwe m'makamwa ndi ambuya. Choncho mwini nkhani ndi iwo. Ambuya akavomera, a Zephaniah adzawerenga, ngakhale a Jun akwiye. Akakana sadzawerenga. Ndaganiza ndipo ndaona kuti akunena zoona.

Pempho langa ndi limeneli, Amai. Mupeze nthawi yabwino, ana atapita kusukulu, mukhale pansi ndi ambuya. Muwauze zonse monga ndalembera, musachotse za maluwa, komanso musachotse zoti a Lolo ananena kuti basi ija anayenera kuithamangira. Kenako muwafunse ngati alola kuti dzina la mwana wawo litchulidwe m'tchalitchi cha ku Kabwe. Musawakakamize chifukwa cha ine. Akhala chete zaka zonsezi, ndipo mwina pali chifukwa chimene ine mwana sindingachidziwe. Mukandiimbira musafotokoze zambiri, makoma a nyumba ino ndi opyapyala. Mungoti avomera, kapena akana.

Akakana, ndidzaphikira alendo, ndidzatsuka mbale, sindidzatsegula pakamwa. Akavomera, ndidzakhala pa benchi yakutsogolo, ndipo ndikudziwa kuti tsiku lomwelo chikwama changa ndidzachipeza panja. Zonse ziwiri ndazikonzekera. Ku Lusaka sindipita. Ndibwera kwathu mvula isanagwe, ndiye achimwene asabwereketse kamunda ka atate kaja, ndipo mundisungireko mbewu ya nshawa.

Mundiperekere moni kwa ambuya, muwagwire dzanja m'malo mwanga. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa achimwene a Humphrey ndi alamu, kwa azakhali a ku Mphangwe, ndi kwa ana onse. Ba Bwembya akuti ndikupatseni moni ngakhale simudziwana. Mulungu akusungeni mpaka tionane maso ndi maso.

Ndine mwana wanu,
Felistas, mwana wa a Maurice