Ndinasintha buleki ya pikapu yanu

Amayi, kodi muli bwanji kumene muliko? Kuno tilipo. Chiperoni chatitsekera m'majuzi sabata yathunthu, phiri silikuoneka n'komwe. Ndine Lusiya, mwana wanu wamakani uja. Ndili ndi mlandu umene ndikufuna muumve kuchokera kwa ine mwini wake, koma mundilole ndiyambe ndi zabwino.

Mchemwali wanga Rozina anachira mu Epulo, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Chipumi ndi chanu, mawu ndi anunso, akalira amadzutsa anthu a nyumba yachitatu. Chimanga chaka chino chatikana, mbozi zinatiyambirira, koma nandolo waonetsa maluwa ambiri. Zinanazi za kumunda kwanu ku Likhubula tinagulitsa zonse, ngakhale anyani anatenga gawo lawo osapempha. Denga la khitchini likudonthabe pakona pomwe paja. Bambo a Tadala, amuna anga, akhala akulonjeza kukwerapo kuyambira chaka chatha, makwerero ake sindinawaone.

Tsopano za pikapu yanu. Inu mukudziwa kuposa ine momwe inabwerera pakhomo, kuti abambo anaigula ku esiteti ya tiyi itatopa kale, ndipo iwo atamwalira anthu ankati muigulitse, mkazi sangaithe. Inu munakaphunzirira pabwalo la mpira, chitenje mutachimanga m'chiuno, mpaka munayamba kututa nthochi ndi zinanazi kupita nazo m'misika. Lero magalimoto a mtundu umenewu atha pamsewu. Ndikaima nayo pa Chitakale anthu amaizungulira n'kumaijambula ndi mafoni.

Titamaliza maliro anu, amalume, achimwene anu, anasonkhanitsa mbumba yonse. Panali mkulu wina wa ku Blantyre amene amatolera magalimoto akale n'kumabwereketsa pa maukwati, ndipo yanuyi ankaifuna zedi. Amalume anagamula kuti pikapu ikhale ndi ine poti ndine ndili ndi galaja, koma ikhale momwe mlongo wawo anaisiyira. Ndikangoyamba kuisandutsa yamakono, iwo amuitana mkulu uja adzaitenge. Ndinavomera pamaso pa onse. Amalumewo sankanena zocheza. Nditangoika malamba pampando anandizazira mwezi wathunthu, ati galimoto ya mlongo wawo ndaisandutsa minibasi.

Zina zonse ndinasunga pangano, amayi, mukanaiona mukanasekerera. Penti ndinasakaniza kanayi kuti ndipeze kubiriwira kwake kwenikweni, ndipo mtundu wake ndinakaupeza kunsi kwa mpando kumene dzuwa silinafikeko. Wosoka mipando ankafuna kuchotsa mpando wautali uja aikemo iwiri yofewa, ndinamuuza asoke chikopa chatsopano potsata mizere yakale, basi. Giya ili pomwe inali, pambali pa chiwongolero. Hutala ikulirabe ngati bakha wachimfine. Galasi la nyali yakumanzere ndinalisaka miyezi isanu, msuweni wathu wa ku Milanje ndiye analipeza pa galimoto ina yofera kuseri kwa chigayo. Pamene munagunda mtengo wa mango tsiku lanu loyamba, pachitseko paja, ndinasiya dala osawongola.

Koma buleki, amayi, inandisowetsa mtendere. Munkati, "Galimoto iyi siimva ukaiuza kamodzi. Uziipopa katatu usanafike pachitsetse." Tonse tinaphunzira choncho, ine ndi amalume omwe, mpaka phazi linkangochita lokha, kamodzi, kawiri, kachitatu ndiye igwire. Ndinasintha mapaipi, ndinasintha marabala, koma madiramu a buleki, a m'kati mwa matayala, anali atadyeka ndipo ena oterowo sapezekanso. Tsiku lina ndikutsika ku Likhubula, Rozina ali pambali panga ndi mimba yake ya miyezi isanu ndi itatu, wakabaza anangotulukira kutsogolo kwathu. Ndinapopa katatu, inagwira kachinayi, tayala la njinga lili pamphuno pa galimoto penipeni. Rozina anangogwira mimba ndi manja onse awiri.

Sabata yomweyo ndinaika buleki yamakono kutsogolo, ya madisiki, yogwira ukangoikhudza. Zonse zinabisika kuseri kwa matayala akale ndi zivundikiro zawo zonyezimira, moti munthu ataima pambali sangadziwe kanthu. Ndinanyada nayo ntchito imeneyo, ndisaname. Koma amalume sindinawauze. Bambo a Tadala anandichenjeza kuti zobisa zimenezi zidzandivuta, ine ndinawayankha kuti ayambe akonza denga.

Loweruka lapitali linali tsiku la chiliza chanu. Maziko anali atamangidwa kale kumanda kwathu kupitirira Thuchila, kunatsala mwala wolembedwa dzina lanu, umene unafikira kugalaja kwanga. Tonse tinagwirizana kuti upite pa pikapu yanu, osati pa galimoto yahayala. Tinaugoneka pa matiresi, tinaumanga ndi zingwe. Ndikuti nditsegule chitseko, amalume, atavala suti yawo ya kutchalitchi, anatambasula dzanja kufuna makiyi. Anati mlongo wawo amuperekeza okha, umenewo ndi udindo wa mwini mbumba.

Apo ndiye ndikananena za buleki. Koma anthu anali atatizungulira, azimayi a kutchalitchi atayamba kale nyimbo pa lole, ndipo ndinaona m'maganizo mwanga pikapu yanu itakongoletsedwa maliboni ku Blantyre, itanyamula akwati osawadziwa. Ndinapereka makiyi, ndinakwera mbali inayo, ndikudziuza kuti ndiwauza panjira.

Panjira ndiye zinavutiratu. Amalume ankayenda pang'onopang'ono, liwiro akutsitsa ndi magiya monga mwa madalaivala akale, buleki osaikhudza. Ndipo njira yonse ankandiyamikira. Ati injini ikulira ngati kale, ati fungo la m'katimu ndi lomwe lija, ati ankandiyesa wosamva koma ndasunga mawu awo. Munthu amene sanandiyamikirepo chibadwire! Tinakhota pa Thuchila, tinalowa msewu wafumbi, ine ndisanawauzebe.

Titafika pachitsetse cholowera kumlatho, ndinaona bondo lawo likukwera m'mwamba. Ndinangoti, "Amalume, dikirani," koma phazi linali litatsika kale ndi mphamvu zonse, kupopa koyamba. Pikapu inaima nji. Iwo, poti lamba anakana kumanga, anagunda chipumi pachiwongolero. Kumbuyo chingwe chinaduka, mwala unatsetsereka n'kukamenya chitsulo cha kuseri kwa mpando. Phokoso limenelo ndikulimvabe.

Tinatsika. Mwala unali utang'aluka kuyambira pakona yakumanja, mng'alu n'kudutsa pa vesi lija tinasankha, m'munsi pang'ono mwa dzina lanu. Amalume anauyang'ana nthawi yaitali. Kenako anagwada pafumbi ndi suti yawo, n'kusuzumira kuseri kwa tayala lakutsogolo. Anaona zonse. Anadzuka, anasasa maondo, anandipatsa makiyi osandiyang'ana, ndipo mtunda wotsalawo ndinayendetsa ine.

Kumanda amisiri anafunsa ngati tiimitse mwambo mpaka mwala wina upezeke. Amalume anakana, anati anthu abwera kuchokera kutali, ena awoloka malire, mangani womwewo. Abusa anapemphera, azimayi anaimba nyimbo yanu ija ya ulendo, Rozina anakweza mwana m'mwamba kuti akuoneni. Ine ndinaima kumbuyo, ndikumva anthu akunong'onezana za mng'alu, ndipo manyazi anandigwira.

Anthu atadya, amalume anandiitana. Tinakakhala m'pikapu momwemo, zitseko zotseka, chipumi chawo chitatupa. Ndinapepesa, ndinafotokoza za wakabaza ndi mimba ya Rozina, kenako ndinaika makiyi pampando pakati pathu, poti ndinkadziwa kuti pangano ndaphwanya. Sanawatole. Anati, "Iwe umayesa mlongo wanga ankapopa katatu chifukwa chokonda? Ankaiopa galimoto imeneyi tsiku lililonse."

Ndiye anandiuza zimene munawauza iwo okha. Akuti chaka china, pachitsetse chomwecho, ife ana tili kumbuyo pamwamba pa nthochi, munapopa katatu koma buleki sinagwire. Munapopa kachinayi, kachisanu, phazi likungofika pansi. Munatsika ndi giya yokha, mukukoka buleki yapamanja, n'kuwoloka mlatho wamatabwa uja matayala akulendewera m'mphepete. Patsidya itaima, munatiuza kuti mukupita kuthengo, ndipo munakakhala pansi n'kulira. M'mawa mwake munayendetsanso, chifukwa tinkadyera galimoto yomweyo.

Amayi, tsiku limenelo ndikulikumbukira bwinobwino. Ine ndi Rozina tinkakuwa ndi chimwemwe, tikumenya denga kuti muthamangitse kwambiri. Munabwerako kuthengo maso ali ofiira, munati ndi fumbi. Zaka zonsezi ndakhala ndikufotokozera ana anga kuti agogo awo ankaulutsa pikapu pachitsetse cha kumudzi, anthu n'kumaseka.

Amalume anakankhira makiyi kwa ine. Anati, "Buleki imeneyi ukanaika iye ali moyo. Chandipweteka n'chakuti unandisiya ndikwere ndi mwala wake osandiuza." Pikapu ikhala ndi ine, mkulu wa ku Blantyre samuitana. Koma mwala anati sitisintha, ukhala momwemo, kuti ndiziuona ndikabwera kudzalambula. Sindinatsutse, ndipo sindikuona kuti alakwa.

Choncho pepani, amayi. Mwala wanu ndaung'alula ine, osati achimwene anu, anthu asakunamizeni kumeneko. Dzina lanu silinakhudzidwe, likuwerengeka bwino. Galimoto yanu ndiisamala, penti yake, mpando wake, ndi chitseko chake chopindika chija. Ndikulonjeza kuti aliyense wofuna kukhala pachiwongolero ndiziyamba ndamuuza zonse zimene ndasintha, andizazire kapena asandizazire. Ndipo ana ndiwafotokozeranso nkhani ya pachitsetse ija momwe inalilidi.

Chikundiwawa kwambiri si mwala ayi. Munali nokha kuthengo kuja, ine ndikuseka pamwamba pa nthochi. Sindinkadziwa, amayi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lusiya