Tinazula Tiyi wa Ababa

Khwethemule,
Thyolo.
18 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene a Crispin,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino ku Lilongweko, pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno tikudzuka ndithu, kungoti chiperoni cha chaka chino chadzutsanso chifuwa cha amayi chija. Ndasankha kulemba papepala chifukwa foni mwaphunzira kuidula. Ndaimba katatu, katatu konseko mwandiuza kuti muli pamsonkhano. Kalatayi muiwerenge mpaka kumapeto, mukatero mukhoza kukolezera mbaula.

Lipoti lanu ndaliwerenga. A Lackson, alangizi athu a zaumoyo, analipeza pafoni kuchokera kwa mnzawo wa kuboma, ine ndinapita nalo ku Luchenza kukalisindikiza. Ndi masamba 84. Mwina munkaganiza kuti kuno kulibe angafike nalo kumapeto, koma mwaiwala kuti Chingerezi chomwe munalemberacho ndi chomwe ine ndimaphunzitsa ana a Sitandade 8.

Ndikukumbutseni mmene zinayambira, poti mwina ntchito zakuchulukirani. Munabwera mu Febuluwale ndi galimoto ya bungwe lanu lija, n'kutiuza kuti pali magetsi a dzuwa okwanira dera limodzi lokha, ndipo madera opikisana ndi atatu: kwathu kuno, kwa Mphuka, ndi kamsika ka pageti ya esiteti, m'mbali mwa tala. Munati kale zinthu zotere ankasankha ndi akuluakulu muofesi, koma tsopano kuli njira yatsopano yomwe munaphunzira kusukulu, yoyeza mfundo zingapo pamodzi, mfundo iliyonse n'kupatsidwa kulemera kwake. Munati kulemerako adzapereka ndi anthu eni ake. Ndinakukhulupirirani. Ndinayenda khomo ndi khomo sabata yathunthu, ndikaweruka kusukulu, kuitana anthu.

Msonkhano munauika Lachitatu chifukwa ndi tsiku lomwe galimoto inali ndi mpata. Mukudziwa inu nomwe kuti Febuluwale ndi mwezi womwe tiyi amaphuka kwambiri, ndipo wothyola tiyi akajomba tsiku limodzi amamva kuwawa mwezi wonse. Komabe anabwera anthu 212, mpaka ena anaima m'mawindo a kalasi. Inu munayala makadi asanu ndi limodzi pansi: mtengo wa ntchito, kufupika kwa msewu, kuchuluka kwa anthu, kutha kulipira magetsi, chipatala ndi sukulu, komanso malo okonzeka oikapo mapanelo. Munthu aliyense munamupatsa nandolo khumi kuti aike pa mfundo yomwe akuiona yofunika. Ine ndinkamasulira m'Chilomwe kuti agogo amve, popeza chanucho chinathera kukoleji.

Mukuwakumbukira a Angella? Muyenera kuwakumbukira, chithunzi chawo chili pachikuto cha lipoti lanu, atawerama, nandolo ali m'manja. Asanaike nandolo wawo anadzuka n'kukufunsani kuti, "Bambo a Crispin, ife sikelo timaidziwa. Dengu timathyola ndife, koma wonena kulemera kwake ndi amene wagwira sikelo. Ya leroyi wagwira ndani?" Anthu anaseka. Inunso munaseka, n'kuyankha kuti, "Lero sikelo mwagwira ndinu, mayi." Mawu amenewo ndinawabwereza ine m'Chilomwe, ndi pakamwa pangapa.

Nandolo anawunjikana pa khadi la chipatala ndi sukulu mpaka khadilo silinkaoneka. Sizinali zodabwitsa. Firiji ya katemera pachipatala chathu chaching'onochi imayendera gasi, ndipo gasi akatha a Lackson amapalasa njinga kukatenga katemera m'kabokosi ka ayezi, akafika ayezi atasungunuka amayi amabwezedwa ndi ana kumsana. Inu munajambula mulu wa nandolowo mbali zitatu.

Tsopano ndikuuzeni zomwe ndapeza. Pa tsamba 31 mwalemba kuti kulemera kwa mfundo kunachokera kwa oyankha asanu ndi anayi. Asanu ndi atatu ndi akatswiri: mainjiniya, a zachuma, ndi abwana anu a Gordon, omwe munawatumizira mafunso pakompyuta kuti ayerekeze mfundo ziwiriziwiri. Woyankha wachisanu ndi chinayi mwamutchula kuti "anthu a m'madera". Ndinabwereza kuwerenga mzere umenewo kanayi. Anthu 212 a kuno, kuphatikiza onse a kwa Mphuka ndi a pageti, munawamanga mtolo umodzi n'kuwasandutsa munthu mmodzi, wofanana ndi injiniya mmodzi yemwe sanapondepo matope a Khwethemule. Kodi zimenezi munatiuza tsiku lija, achimwene? Mukadanena, anthu akadapita kukathyola tiyi wawo.

Ndiye zotsatira zake ndi izi. Pa 100, kutha kulipira kunatenga 31, mtengo wa ntchito 24, msewu 17. Chipatala ndi sukulu 12 yokha. Ife tinagwa pa msewu chifukwa mlatho wathu unakokoloka ndi namondwe chaka chatha ndipo palibe wabwera kudzaukonza. Tinagwa pa kulipira chifukwa kuno kulibe mabala ndi magolosale ngati pageti, pomwe makalaliki ndi akapitawo amalandira mwezi ndi mwezi. Ndiye kuti amene anaiwalidwa kale aiwalidwenso, chifukwa choti anaiwalidwa. Imeneyo ndiyo sayansi munandiuza pafoni ija, musanayambe kuidula? Munati, "Hazel, sungazimvetse. Sindinasankhe ndine, asankha ndi manambala." Manambala sanakwere galimoto kubwera kuno. Manambala sanadye nkhuku ya amayi. Ndipo munthu ukaima pakamsika ka pageti paja, mapolo a magetsi opita kufakitale umawaona ndi maso. Iwo aja magetsi akadawafika ndithu, mochedwa kapena msanga. Ife ndi liti?

Chomwe chandiwawa koposa chili pa tsamba 79, kumapeto komwe anthu safikako. Pali tebulo lomwe munayesa kusinthasintha kulemera kwa mfundo kuti muone ngati wopambana angasinthe. Likusonyeza kuti chipatala ndi sukulu zikadangokwera kuchoka pa 12 kufika pa 20, Khwethemule akadapambana. Munadziwa. Munawerengera nokha, munaona kuti nkhani yonse yatsamira pa kanambala kamodzi, ndipo pansi pake munangolemba mzere umodzi wakuti izi ndi zofunika kuziganizira m'kafukufuku wam'tsogolo. Kutsogolo kwa lipoti, komwe amawerenga opereka thandizo, munalemba kuti zotsatira n'zolimba ndipo anthu anatenga nawo mbali mokwanira.

Uthenga unafika kuno mu Julayi, osati ndi inu, koma ndi lole yonyamula mapanelo yomwe anthu anaiona ikukhota pageti ya esiteti. Lamlungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi, a Angella anandiimitsa pakhomo anthu onse akuona. Sanakweze mawu. Anangoti, "Aphunzitsi, tsiku lija akapitawo anandichotsa pamzere wanga n'kundiika kuphiri kuja, kwa tiyi wokalamba, chifukwa chojomba. Mpaka lero ndili komweko. Ndimati mundiuze, nandolo wanga uja anapita kuti?" Mawa lake m'mawa ndinapeza nandolo atamwazidwa pakhonde panga. Sindikudziwa anamwaza ndani, ndipo sindinafunse. Ndinasesa ndekha ana asanadzuke. Komiti ya chitukuko yandichotsa ulembi. Mayi wina wachotsa mwana wake m'kalasi yanga yamasana, akuti sakufuna aphunzitsidwe ndi wabodza. Inu muli ku Lilongwe, nkhope yomwe anthu amakumana nayo pamjigo ndi yanga.

Pali china chomwe sindinakuuzeni. Tiyi wa ababa kulibenso. Munda uja wa kuseri kwa chipatala, womwe anabzala chaka chomwe munabadwa inu, tinauzula mu Epulo. Mitengo 600, yonse.

Mukukumbuka nditakuimbirani mu Malichi kufunsa mmene zikuyendera? Munati dera lomwe lili ndi malo okonzeka limapeza mapointsi. Munangonena zomwezo, ndikuvomera. Koma ine ndinaona kuti malo athyathyathya pafupi ndi chipatala ndi munda wathu wokha, ndipo ndinamva kuti a kwa Mphuka ayamba kale kusalaza pabwalo lawo. Ndinapita kwa amayi n'kuwauza kuti a Crispin akuti tizule tiyi, magetsi abwera ndithu. Ndinanama, achimwene. Ndinagwiritsa ntchito dzina lanu chifukwa ndinkadziwa kuti langa silikadawasuntha. Ndinkafuna magetsi pachipatala, inde, komanso ndisabise, ndinkafuna anthu adzanene kuti ana a malemu aja ndi amene anaunikira Khwethemule.

Amayi anati, "Ngati wanena ndi Crispin, waona patali. Bambo ake akadavomera." Anyamata a mpingo anakumba masiku asanu ndi anayi. Mizu ya tiyi mukuidziwa, imapita pansi ngati ya mtengo wa m'nkhalango. Amayi ankabwera tsiku lililonse kudzawaphikira, ndipo zitsa anagawira anthu kuti akasonkhere moto, iwo sanatengeko n'chimodzi chomwe. Ndiye ndatsegula lipoti lanu kufunafuna malo okonzeka, ndapeza kuti kulemera kwake ndi 4 pa 100. Ngakhale tikadazula phiri lonse, sizikadasintha kanthu. Tchimo limenelo ndi langa ndipo ndalisenza. Koma inu nambala imeneyo munali nayo kale patebulo panu pomwe tinkalankhula pafoni. Mukadangonena kuti "ndi kochepa, musavutike", tiyi uja bwenzi alipo.

Panopa pamundapo pangokhala dothi lofiira. Ndalembetsa mbande kunazale ya alimi ang'onoang'ono, akuti mwina mu Disembala. Tiyi watsopano amatenga zaka zitatu kapena zinayi kuti munthu ayambe kuthyola zooneka. Amayi ali ndi zaka 67. Werengerani nokha, poti kuwerengera ndi ntchito yanu.

Sindikupempha ndalama, musatumize. Chomwe ndikufuna ndi ichi. A Lackson amva kuti bungwe lanu likukonza gawo lachiwiri chaka chamawa, ndipo njira yosankhira ikhala yomweyo. Pa 7 Seputembala, Loweruka masana anthu ataweruka kumunda, kuli msonkhano kusukulu. Mubwere. Osati ndi galimoto ya bungwe, kwerani basi, mutsike pa Luchenza, mukwere kabaza, muwoloke pomwe panali mlatho paja ndi mapazi anu. Bolodi ndi choko ndikupatsani ine. Mudzalembe manambala onse asanu ndi limodzi anthu akuona, mudzanene amene anawapereka, ndipo tebulo la tsamba 79 mudzalifotokoze m'Chichewa. Ine ndidzamasulira, koma ulendo uno ndidzamasulira chilichonse monga mwanenera, osakometsera. Mukatero mukauze a Gordon kuti anthu mazana awiri si munthu mmodzi. Ngati njira yanuyo ili yabwino monga munkanenera, ipirira kuonedwa masana. Mukapanda kubwera, ndidzaima ndekha n'kuwawerengera lipotilo tsamba ndi tsamba, kuyambira pomwe pali dzina lanu. Ndipo zanga za mundazo ndidzaulula pomwepo, musaganize kuti ndidzabisala kumbuyo kwanu kachiwiri.

Kalatayi ndapatsira a Peterson, oyendetsa lole ya nthochi, akuti afika ku Lilongwe Lachiwiri. A Lackson akupereka moni. Ana anga akupereka moni kwa amalume awo ndi kwa asuweni awo.

Amayi sakudziwa kanthu. Sakudziwa kuti lipoti munalemba ndinu, sakudziwanso kuti mawu ozula tiyi sanachokere kwa inu. Iwo akuganiza kuti munalimbana nazo mpaka mapeto koma akuluakulu anakuposani mphamvu, ndipo aliyense wokunenani kuchigayo amamuyankha. Ataona ndikulemba anabwera kudzakhala pambali panga n'kunena kuti ndilembe mawu awo monga anenera, ndiye ndi awa: "Umuuze asadandaule za munda, tiyi amabzalidwa. Asakangane ndi mabwana ake chifukwa cha ine, angachotsedwe ntchito ana ali pasukulu. Umuuze kuti ndikudziwa kuti anayesetsa." Atumizanso mapeyala khumi ndi awiri a mumtengo wa kuseri kwa nyumba. Anathyola okha ndi ndodo, chifuwa chili chomwecho, n'kusankha osapsa kuti asaphwanyike panjira.

Mapeyalawo mudye, ndi ochokera kwa mayi anu. Moni wanga ndausunga, ndidzakupatsani pamaso pa 7.

Ndine mchemwali wanu,
Hazel